Mabuku Asanu ndi Anayi pa Khonde la Atate

Buku loyamba ndinaligula chifukwa cha kunenepa kwake basi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa sitolo ina yogulitsa zitsulo ku Lusaka, ndipo tsiku lililonse ndinkakwera minibasi m'mawa kuchokera kwathu ku Kafue Estates, madzulo n'kubwerera. Ulendowu ndi wautali, makamaka pamene magalimoto amathinana polowa m'tauni. Anzanga ankagona kapena kusewera ndi mafoni. Ine ndikayang'ana foni m'galimoto mutu umandipweteka, koma pepala silindivuta. Tsiku lina ndikudikira kuti basi idzaze, ndinaima pamene bambo wina ankayala mabuku akale pansi pafupi ndi siteshoni. Pakati pa mabuku a sukulu ndi a maphikidwe panali limodzi lokhuthala ngati njerwa, chikuto chake chong'ambika pakona. Ndinkafuna chinthu chosatha msanga, choncho ndinalitenga.

Patatha milungu itatu ndinafika pa tsamba lomaliza n'kupeza kuti nkhani ili pakati. Nditabwerera kwa bambo uja anandiseka. Anati mabukuwo alipo asanu ndi anayi, ena anali nawo kunyumba, ena adzandifunira.

Inali nkhani ya dziko limene kulibe, ndipo mapu ake anajambulidwa kutsogolo kwa buku lililonse. Mtsinje waukulu unadula dzikolo pakati. Mfumu ya kumtunda, mothandizidwa ndi amatsenga, inatseka mtsinjewo ndi zipata zamiyala, ndipo anthu akumunsi ankafa ndi ludzu. Mtsikana wina woumba mbiya, amene ankatha kumva zimene madzi akunena, ananyamuka kuti akatsegule zipatazo. Munalinso mwana wa mfumu wolankhula mokoma, asilikali okwera mbalame zazikulu ngati ndeke, ndi nkhalamba ina yosakonda kulankhula imene inkalondera mlatho umodzi wokha wowolokera mtsinjewo.

Atate ataliona bukulo patebulo sanalikonde. Pa chikuto panali munthu atanyamula ndodo yoyaka moto. Analitembenuza, nawerenga kumbuyo kwake, kenako anandiuza kuti buku lotere lizikhala m'chikwama changa, lisamagone pamodzi ndi Baibulo pa shelefu. Sindinatsutse. Atate sanali munthu womutsutsa. Anabadwira konkuno, koma makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa cha agogo, osati chinyanja cha pamsika. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya njanji, kuyenda pansi m'mbali mwa mizere kuyang'ana ngati zitsulo zagwirana bwino. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Mawu awo ankamveka mpaka kunja kwa mpanda, ndipo akayamba pemphero lotsekera ana tinkadziwa kuti nshima ya masana ichedwa.

Chaka chotsatira, m'mawa wina akuthirira repu kuseri kwa nyumba, anagwa. Amayi anawapeza atagona chammbali, paipi ikutayabe madzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anakhalako milungu ingapo, ndipo pobwera dzanja lamanja linali lolendewera, mwendo akuukoka, pakamwa patapotoka. Choopsa kwambiri chinali mawu. Ankadziwa chimene akufuna kunena, koma chikafika pa lilime chinkasweka. Mayi wina wa kuchipatala amene ankawaphunzitsa kuyenda anatiuza kuti tiziwalankhulitsa tsiku ndi tsiku, chifukwa mawu amabwerera mwa kuwagwiritsa ntchito. Atate anakana. Anayesa kawiri katatu, atamva mmene akumvekera anatseka pakamwa. Akulu anzawo a mpingo akabwera kudzawaona ankayang'ana kumbali. Kwa miyezi inayi zimene tinkamva kwa iwo zinali "eya" ndi "iyayi" basi.

Loweruka masana ndine ndinkakhala nawo pakhonde, kuti amayi apumeko. Poyamba ndinkawauza za kuntchito, za misewu, za amene wakwatiwa. Ankangoyang'ana kumpanda. Nkhani zitandithera ndinayamba kumatulutsa buku langa n'kumawerenga chamumtima pambali pawo. Ndinali pa buku lachitatu. Tsiku lina ndinafika pamene mtsikana woumba mbiya uja ananamizidwa ndi munthu amene ankamukhulupirira, ndipo mosadziwa ndinatulutsa mawu okwiya. Atate anatembenuka n'kundiyang'ana, nakweza chibwano monga ankachitira kale pofunsa kuti kwagwanji. Ndinawauza mwachidule. Anapitiriza kundiyang'ana. Ndinaona kuti sakumvetsa kuti mtsikanayo ndani, choncho ndinabwerera pachiyambi penipeni n'kuwafotokozera za mtsinje, za zipata, za mfumu. Ndinalankhula mpaka dzuwa linapendeka, ndikuyembekezera kuti nthawi iliyonse andiletsa. Sanandiletse.

Loweruka lotsatira nditangokhala pansi, analoza chikwama changa ndi dzanja lamanzere.

Tinayambira buku loyamba. Chingerezi atate ankachidziwa bwino, koma matenda aja anachititsa kuti zilembo ziziwasokonekera akayang'ana tsamba. Tsono ndinkawerenga ndime chamumtima, n'kuimasulira m'Chichewa mokweza. Sinali ntchito yophweka. Munali zinthu zimene ife tilibe mawu ake. Pofotokoza kuzizira kwa kumapiri ndinkati kumwamba kukugwa zoyera ngati zimene zimamera m'firiji. Mbalame zija ndinangozitcha ziwombankhanga za asilikali. Amayi, amene poyamba ankangodutsa ndi tiyi, anayamba kubweretsa lichero lawo la nyemba n'kumasankhira pomwepo.

Tili mkati mwa buku lachiwiri ndinawerenga kuti gulu la nkhondo la akumunsi, ndi ngolo zake za ng'ombe zodzaza chakudya, linachoka mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja n'kukafika pa mlatho m'masiku anayi. Atate anang'ung'udza. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse buku, naliika pa bondo, n'kutsegula pa mapu. Analoza bokosi la machesi limene linali pawindo. Nditawapatsa anatulutsa kamtengo kamodzi, nakayeza pa kamzere kosonyeza mitunda kamene kanali pansi pa mapu, kenako anayamba kukayendetsa pang'onopang'ono kuchokera kunyanja kupita ku mlatho, akuwerenga ndi milomo. Atamaliza anabwerezanso.

"Bodza," anatero.

Anapuma, nakwinya nkhope, n'kukankha mawu amodziamodzi ngati akukweza katundu.

"Masiku anayi, ndi ngolo, sangafike."

Amayi anasiya kusankha nyemba koma sanadzutse mutu. Anafunsa ndi mawu a masiku onse, ngati palibe chachilendo chimene chachitika.

"Nanga angafike masiku angati, abambo?"

"Khumi. Mvula ikagwa, khumi ndi awiri."

Amayi anavomera kuti n'zoona, ng'ombe sizithamanga. Kenako ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Nditapita kukatenga madzi akumwa ndinawapeza ataima m'khichini, atagwira nsonga ya chitenje kumaso. Anandiuza ndi dzanja kuti ndibwerere msanga ndikapitirize.

Kuyambira tsiku limenelo atate anasanduka woyang'anira wa bukulo. Wolemba akanena za mtunda, iwo ankayeza. Akanena kuti anthu zikwizikwi anamanga msasa pa phiri, ankafunsa kumene ankatunga madzi. Mawu ankatulukabe mokhota, ena ankawathawa pakati pa chiganizo, koma chifukwa chofunitsitsa kutsutsa ankaiwala kuchita manyazi.

Pakhonde paja panadzabweranso munthu wachinayi. Atate anali ndi mnzawo wakalekale, msodzi wa ku Chanyanya, amene ife tinkangomutcha ankolo ngakhale kuti panalibe ubale. Anadziwana atate akuyendera mlatho wa njanji, ankolo akudutsa pansi pake ndi bwato. Chiyambireni matenda, ankolo ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo ndi nsomba zokulunga m'thumba, n'kukhala pang'ono mosowa chonena, n'kubwerera. Tsiku lina anatipeza tili pakati pa chaputala chimene mtsikana uja ankapalasa bwato usiku wonse kulimbana ndi madzi osefukira, atanyamula anthu asanu ovulala. Ankolo anamvetsera chipewa chili m'manja, kenako anapukusa mutu.

"Uyu wolemba sanakwerepo bwato. Manje mukazi mmodzi, bantu faifi, madzi yakwera, apalasa bwanji? Bwato yamene iyo isembe inagadabuka pa kona yoyamba."

Atate anaseka, kuseka koyamba kuchokera pamene anagwa. Kunatuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma kunali kuseka kwawo komwe kuja.

Ankolo sanaphonyenso Loweruka. Ngakhale ankanyoza za mabwato, mtsikanayo anamukonda ngati mwana wawo. Akalowa m'mavuto ankolo ankasuntha pampando, namudzudzula kuti n'chifukwa chiyani samvera akulu. Atate munthu wawo anali mlonda wa mlatho, ngakhale kuti m'mabuku oyambirira ankangotchulidwa mwa apo ndi apo. Amayi anali ndi mlandu ndi mwana wa mfumu. Atangolonjeza mtsikanayo ukwati m'buku lachitatu, amayi anati mnyamata wolankhula bwino chotere amakhala atalonjezanso wina kwinakwake. Ankadandaulanso kuti m'mabuku onsewo palibe amene amachapa zovala, ndipo ankafuna kudziwa kuti anthu onse akapita ku nkhondo ana amatsala ndi yani. Ine ndinali nditawerenga kale mpaka buku lachisanu, koma ndinapeza kuti zambiri ndinkaziona koyamba. Pa minibasi ndinkathamangira kudziwa chimene chichitike. Pakhonde panalibe kuthamanga, chifukwa tsamba lililonse linkayenera kudutsa m'manja mwa anthu atatu ovuta.

Si onse anakondwa. Mchimwene wanga ndi mkazi wake ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Mlamu wangayo amapemphera ku mpingo wa chipentekoste, ndipo ndinene zoona, pa matenda a atate palibe amene anagwira ntchito kuposa iye. Ndiye ankachapa zofunda, ndiye ankawaperekeza kuchipatala ine ndili kuntchito. Tsiku lina akusita zovala m'chipinda chochezera anandimva ndikumasulira pamene amatsenga a mfumu ankaitana mithunzi ya akufa kuti ilondere zipata. Anazimitsa ayironi, natuluka, n'kugwada pafupi ndi mpando wa atate. Analankhula mwaulemu koma mosabisa. Anati iye wakhala akusala kudya kupempherera machiritso awo, ndipo zikumuwawa kuona kuti m'nyumba yomweyo tikutsegulira khomo mizimu yoipa. Anati zinthu zotere sizingokhala nkhani chabe.

Ine ndinkadziwa kuti atate akale akanagwirizana naye. Atate anasonkhanitsa mawu, namuyankha.

"Mwana wanga, mapemphero ako ndawamva, ndipo ndikuthokoza. Amatsenga a m'bukumu ndi oipa. Bukunso likunena kuti ndi oipa. Khala umvetsere. Ukapeza pamene likuyamikira choipa, undiuze, tiliwotcha."

Zinawatengera nthawi kuti amalize, ndipo mawu ena anawabwereza kawiri. Mlamu anamvetsera mpaka kumapeto, nayankha kuti wamva, koma iye sangakhale nawo. Anabwerera kukasita. Sanakhalepo pakhonde ngakhale tsiku limodzi, ndipo sindinganame kuti anasintha maganizo. Chimene ndinaona n'chakuti masiku a Loweruka tebulo lositira linayamba kupezeka pafupi ndi windo.

Buku lachisanu linatha moipa. Asilikali a mfumu anafika pa mlatho, ndipo mlonda uja, amene aliyense ankamudalira, anawatsegulira chipata ndi manja ake. Mtsikana anagwidwa. Pamenepo buku linathera. Ankolo anati nkhalambayo ndi Yudasi. Amayi anati anaigula. Atate chakudya cha madzulo sanadye bwino.

Vuto linali lakuti buku lachisanu ndi chimodzi linalibe. Wogulitsa uja anali atandipezera atatu omaliza, koma limenelo linasowa. Ndinayenda m'masitolo a mabuku ku Lusaka nthawi yopuma masana, osalipeza. Ndinati tingolumpha, za pakatipo tidzazimva m'tsogolo. Atate anakana, nati pa ntchito yawo sankalumpha chigawo cha njanji chifukwa choti chili patali. Mchimwene wanga anati angathe kupeza chidule chake pa foni n'kutiwerengera. Atate anati nkhani ya masamba mazana ambiri munthu sangaimve m'mizere khumi, ndipo anamuletsa kutchula chilichonse.

Tinakhala masiku awiri a Loweruka popanda chowerenga. Loweruka lotsatira ankolo, atatopa ndi kuyang'ana nkhuku, anatembenukira kwa mnzawo.

"Ba mudala, imwe mumadziwa vonse kuchila wolemba. Tiuzeni imwe vamene vinachitika."

Ankanena mwanthabwala. Koma atate anati abwere sabata yamawa.

Mkati mwa sabatayo amayi anandiuza kuti atate akumalankhula okha kuseri kwa nyumba. Ankakhala pa mpando pafupi ndi dimba la repu, mapu ali pa bondo, n'kumabwereza mawu amene ankawavuta mpaka atawongoka. Liwu lakuti "asilikali" linawatengera masiku awiri. Amayi ankanamizira kuyanika zovala kuti amve.

Loweruka litafika anavala jekete limene ankapita nalo kutchalitchi. Anayamba ndi mlonda wa mlatho. Anati nkhalambayo sinagulitse aliyense. Inkadziwa kuti mizati iwiri ya pakati inali itang'aluka kalekale, ndipo mlathowo ukanatha kunyamula anthu oyenda pansi ndi ngolo imodziimodzi, koma osati gulu lonse la nkhondo ndi zida zake. Inatsegula chipata kuti adani onse akwerepo nthawi imodzi. Atate anafotokoza mmene mwala umalirira usanasweke, mmene fumbi limayambira kugwa pansi pa mlatho, mmene munthu wodziwa amamvera kunjenjemera m'mapazi ena onse asanadziwe kanthu. Zimenezi sanazitenge m'buku lililonse. Analankhula pafupifupi theka la ola, akupuma, akupukuta pakamwa ndi kansalu, nthawi zina akumenya bondo liwu likakana kutuluka. Palibe amene anawathandiza kumaliza chiganizo. Tinali titaphunzira kuti zimenezo amadana nazo.

Buku la atate linatenga milungu isanu ndi iwiri. Ankolo anaumirira kuti mtsikana athawe m'ndende atabisala m'dengu la nsomba zouma, ndipo atate anavomera atafunsa kaye kukula kwa dengulo. Amayi anapempha kuti mwana wa mfumu apezeke ndi mkazi wina kumtunda, ndipo anapatsidwa zimene anafuna. Amayi awiri oyandikana nafe, atamva mawu a atate kudutsa mpanda, anabwera kudzaona ngati ndi iwodi, n'kukhala pa masitepe mpaka kumapeto. Sankadziwa chiyambi cha nkhani, koma sabata yotsatira anabweranso. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba n'kumalemba zonse zimene ankanena. Ndikamalemba ndinkawayang'ana: munthu amene miyezi ingapo yapitayo ankabisa nkhope kwa alendo, tsopano akuyendetsa magulu a nkhondo ndi dzanja lamanzere, anthu asanu akumudikira kuti apeze liwu. Ndakhala ndikuwanyadira atate pa zinthu zambiri, koma sindikumbuka nthawi ina imene chifuwa changa chinadzaza ngati masana amenewo.

Buku losowa lija analipeza ndi mlamu. Anapita ku Lusaka kukagula nsalu, ndipo pa msika wina anaona mulu wa mabuku akale pafupi ndi ogulitsa zovala za salaula. Anazindikira chikuto chifukwa chinkafanana ndi enawo. Anabwera nalo litakulungidwa m'pulasitiki ziwiri, naliika patebulo patsogolo pa atate.

"Atate, ili ndiye lamene munali kusakila. Nalipempherera kale."

Atate anamugwira dzanja, namuthokoza pomutchula kuti mwana wawo. Iye anangoti sizikutanthauza kuti akugwirizana nazo, n'kupita kukhichini.

Tinaliyamba ndi mantha pang'ono. Zinapezeka kuti pa zambiri atate anaphonya. Mtsikana sanathawe m'dengu. Anakhala m'ndende pafupifupi buku lonse, ndipo anamutulutsa ndi mdzakazi wina amene sitinkamudziwa n'komwe. Mwana wa mfumu analibe mkazi wina. Anafa akuteteza anthu othawa nkhondo, ndipo amayi anakwiya ngati wolembayo wawalanda mlandu umene anali atapambana kale. Ankolo ankaseka atate pa chilichonse chimene chalakwika, atate n'kumayankha kuti wolembayo ndiye walakwitsa.

Za mlatho wolemba anazisunga mpaka chakumapeto. Ndinaziona ndisanazimasulire, chifukwa maso anga ankakhala patsogolo ndi ndime imodzi, ndipo ndinaima. Atate anandifunsa chimene ndaimira. Ndinawerenga. Gulu la mfumu lili pakati pa mlatho, fumbi linayamba kugwa kuchokera ku mizati. Mlonda anaima pa chipata, osathawa, ndipo mlatho unagwa pamodzi ndi iye ndi theka la asilikali a mfumu. Anali atadziwa za ming'aluyo kwa zaka zambiri.

Ankolo anaimirira, navula chipewa, n'kukagwira atate dzanja lamanzere ndi manja awo onse awiri. Anafunsa kuti anadziwa bwanji. Atate anandiuza kuti nditenge buku loyamba, nanditsogolera ku chaputala china chakumayambiriro. Munali mzere umodzi wokha, umene ine ndinauwerenga kawiri konse osauona, wonena kuti m'mawa uliwonse mlondayo ankatsikira pansi pa mlatho ndi kanyundo n'kumagogoda mizati, khutu ataligunditsa pa mwala. Atate anati iwonso ankachita chimodzimodzi ndi zitsulo za njanji, ndipo munthu wogogoda tsiku ndi tsiku amakhala akumvetsera chinachake chimene chikumudetsa nkhawa. Anawonjezera kuti wolembayo mitunda saidziwa, mabwato sawadziwa, koma anakhalapo pafupi ndi munthu wogwira ntchito.

Mabuku atatu otsalawo anatitengera chaka china chathunthu. Lachisanu ndi chitatu tonse tinagwirizana kuti linali lotopetsa. Munali nkhondo pamwamba pa nkhondo, mayina atsopano ochuluka, ndipo atate anati wolembayo apa anali atatopa koma ankachita manyazi kusiya. Amayi ankawodzera. Ankolo anadwala malungo n'kuphonya milungu itatu, ndipo atabwera anapeza kuti sanataye kanthu.

Lomaliza tinalitsiriza mvula itayamba, titasunthira mipando kukhoma kuthawa mpemera. Mtsikana anatsegula zipata, madzi anabwerera kumunsi, koma iye anataya mphatso yake yomva mawu a madzi. Anakana ufumu n'kubwerera kwawo kukaumba mbiya. Ankolo sanakhutire ngakhale pang'ono. Anati mwana wavutika mabuku naini, ndiye malipiro ake n'kubwerera ku dothi? Amayi anati ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa akanakhala mfumu akanamupha ndi nsanje chaka chisanathe. Anatsutsana mpaka tiyi anazizira. Atate anadikira kuti atope, kenako anati mathero ake ndi oona, ngakhale sakukoma. Anati anthu ambiri amene anawaona akugwira ntchito zazikulu anabwerera kwawo mwakachetechete, ndipo sanaone kuti ndi chipongwe. Ine ndinalira pang'ono, osati chifukwa cha mtsikanayo kwenikweni, koma chifukwa sindinkadziwa chimene tidzachite Loweruka lotsatira.

Pofika nthawi imeneyo atate anali atabwerera kutchalitchi, akuyenda ndi ndodo. Lamulungu lina abusa anawapempha kuti atseke ndi pemphero. Anaimirira, nagwira benchi ya kutsogolo, n'kupemphera ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zomveka bwino kuyambira loyamba mpaka ameni. Potuluka mkulu mnzawo anawauza kuti pa zaka zonse zimene anawadziwa, limeneli ndiye pemphero loyamba limene linatha anthu asanayambe kusuzumira mawotchi. Atate anaseka limodzi naye.

Maso awo nawonso anayamba kugwira zilembo. Anagula magalasi atsopano, ndipo m'mawa wina ndikupita kuntchito ndinawapeza pakhonde ali ndi buku loyamba, rula ataiika pansi pa mzere kuti usawathawe. Anati akufuna adzionere okha. Ankawerenga masamba atatu kapena anayi pa tsiku, ndipo mabukuwo tsopano anali pa shelefu ya m'chipinda chochezera, poonekera.

Patapita miyezi, ndikubwera kuntchito, anandiitana ndisanalowe m'nyumba. Buku lachitatu linali pa bondo, chala chili pakati pa masamba. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe, chaputala ichi sunatiwerengere."

Ndinasuzumira n'kumva nkhope ikutentha. Chinali chaputala chimene mtsikana ndi mwana wa mfumu anabisala mvula m'khumbi la asodzi, awiriwiri. Pomasulira ndinali nditangoti anacheza mpaka mvula inakata, n'kutembenuza masamba asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Ndinawauza kuti sindikanatha kunena zoterozo pamaso pa iwo, amayi ndi ankolo. Anavomera kuti ndinachita bwino, mwana woleredwa sakanachitira mwina. Kenako anafunsa ngati pali malo enanso amene ndinalumpha. Ndinaulula kuti alipo anayi, ndipo anandiuza kuti ndiwaikire timapepala.

Ndinawaikira madzulo omwewo. M'mawa mwake, Loweruka, amayi anandituma ku msika wa m'tauni kukagula tomato ndi mafuta, zinthu zimene ndinkadziwa kuti m'nyumba zilimo. Ndikutseka geti ndinawaona akukokera mpando wawo pafupi ndi wa atate, atate akutsegula pa kapepala koyamba n'kukonza pakhosi. Ndinapita pansi m'malo mokwera basi, ndipo pobwerera ndinadzera kwa mlamu kukamwa tiyi.